Chigaza Chimene Malume Anawongola

Malume anga, achimwene awo a mayi, anagwira ntchito yojambula zinyama ku nyumba yosungiramo zinthu zakale kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Osati kujambula kwa kamera ayi. Iwo anali a pensulo ndi inki: mafupa, nthenga, mapiko a agulugufe, zigaza za agwape, chilichonse chimene chinkafunika m'mabuku a sukulu kapena pa matchati opachika m'makalasi. Kuntchitoko dzina lawo lenileni linangotsala m'mafayilo. Aliyense, kuyambira mlonda wa pageti mpaka bwana wamkulu, ankawaitana kuti a Theka.

Dzinali linachokera pa kajambulidwe kawo. Akapatsidwa chinthu chofanana mbali zonse ziwiri, kaya gulugufe kaya chigaza cha ng'ombe, ankajambula theka lokha pa pepala lopyapyala loonekera, n'kulipinda pakati, n'kulitikita ndi kumsana kwa supuni mpaka pensulo itadinda mbali inayo. Kutambasula pepala lija, chinthu chathunthu icho. Ntchito ya masiku anayi iwo ankaimaliza masiku awiri, ndipo mabwana ankawakonda chifukwa cha chimenecho. Supuniyo inkakhala m'thumba la malaya pamodzi ndi zolembera, moti alendo ankaganiza kuti ndi munthu wokonda kudya.

Ine ndinabwerera kuno chaka chatha nditakhala kunja zaka zisanu ndi ziwiri. Ntchito ndinalibe, ndipo chilichonse chinkandinyansa: fumbi, mizere ya m'maofesi, anthu onena kuti "ndili pafupi" asanasambe n'komwe. Mayi atatopa nane anandithamangitsira kwa malume.

"Pita ukawaone achimwene, maso awo achita ng'ala. Ukadandaulire kumeneko, ine makutu anga atopa."

Malume amakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa galaja yomata matayala. Akazi awo anamwalira ine ndili wamng'ono, ana sanakhale nawo. Pabalaza pali tebulo lalitali pafupi ndi zenera, mipando iwiri yosafanana, ndi kabati ya madirowa afulati odzaza mapepala. Ndinawapeza atakhala duu, kapu ya tiyi ili m'manja onse awiri chifukwa dzanja limodzi palokha limataya.

"Wafika wakunja uja," anatero. "Khala pansi, usandiimirire ngati wodzawerenga mita ya madzi."

Sindinakhale. Maso anga anali atagwera pa tchati chimene chinali pakhoma, chifukwa ndinkachidziwa kuyambira ndili mwana. Chinkapachikidwa m'kalasi mwathu ku pulayimale, ndipo aliyense wa msinkhu wanga amachikumbuka. Pamwamba panali mawu akuti "Anamgumi a mano ndi kumene anachokera". Kumanzere kunayima kanyama konga galu ka mlomo wautali, miyendo inayi, kali m'mbali mwa mtsinje. Kutsogolo kwake china chonga ng'ona yaubweya, mapazi aakulu opalasira. Kenako chachitali ngati njoka, timiyendo takumbuyo tating'ono toti sitinganyamule chilichonse. Pomaliza namgumi weniweni, mphuno itachoka kunsonga kwa mlomo n'kukwera pamwamba pa mutu. M'munsi munali chipsepse chong'ambidwa kuti mafupa aoneke, zala zili ndondondo ngati dzanja la munthu. Ndipo pakona panali chigaza cha namgumi, chojambulidwa ngati ukuchiyang'ana kuchokera pamwamba.

Kunja kuja ndinalowapo m'nyumba ina yaikulu ya zinthu zakale, momwe mafupa a anamgumi amalendewera kudenga. Ndiye ndinafuna kuonetsa kuti ndinayenda.

"Malume, mukudziwa kuti chigaza ichi sichikhala chonchi? Cha anamgumi a mano chimakhala chokhota. Mafupa a kumanja ndi aakulu, amakankhira mphuno kumanzere. Inu mwachiwongola ngati cha mbuzi."

Ndinanena moseka. Iwo sanaseke. Anaika kapu ija patebulo pang'onopang'ono, tiyi wina n'kutayikira pa chala.

"Tabwereza."

Ndinabwereza, koma tsopano mawu anali atachepa.

"Zaka makumi awiri ndi zinayi," anatero malume. "Aphunzitsi achiona. Mabwana achiona. Alendo ovala magalasi achiona. Wodzanena n'kukhala mwana wa mlongo wanga, amene ndinkamupukuta mamina."

"Munkadziwa?"

"Diso linaona. Dzanja ndiye linakana."

Anandifotokozera ali chiyang'anire kuzenera. Nyanja yamchere sanaionepo chibadwire, namgumi wamoyo ndiye osanena. Zinyama zinayi zija anazikopera m'mabuku, koma chigaza chinali chenicheni, chochokera kutali m'bokosi la matabwa. Atachiika patebulo anaona kuti chapendekeka. Anaganiza kuti chinapindika pa ulendo, mwina chinyontho, mwina chinapsinjika ndi katundu wina. Ndipotu ntchito yawo inali yomweyo, kukonza pa pepala zimene zawonongeka m'bokosi: nyanga yothyoka kuilumikiza, dzino loguluka kulibwezera. Choncho anajambula theka la kumanzere, n'kupinda pepala, n'kutulutsa supuni. Bwana anasaina. Osindikiza anatulutsa matchati zikwi zinayi, n'kupita sukulu iliyonse.

Patapita zaka zisanu ndi zinayi kunabwera buku latsopano ku laibulale ya kuntchito. Pa tsamba lina panali zigaza khumi ndi ziwiri za anamgumi a mano, mitundu yosiyanasiyana, zonse zitakhotera mbali imodzi.

"Ndinatseka bukulo n'kukakhala pa masitepe mpaka nthawi yoweruka. Ndikanauza ndani? Kuti bwana, ana onse aja ndawanamiza ndi supuni?"

"Koma malume, palibe anafa nazotu. Ndipo zithunzi zake zadzaza pa intaneti. Mphindi zisanu zokha ndikusindikizirani cholondola."

"Chimenecho n'cha eni ake. Chimene ndinachinamizira ine chili m'chipinda chapansi kuntchito kuja, shelefu yachitatu kuchokera kukhomo." Anatembenuka n'kundiyang'ana ndi maso awo otuwa aja. "Ndikufuna ndichijambulenso momwe chilili. Koma manambala a pa lula sindikuwaonanso. Ndipo m'chipindamo mwayamba kulowa madzi, ndiye mabokosi onse akuwakhoma misomali kuti apite kosungira kwina, kutali. Sabata ziwiri zikamatha, Lachisanu, chikhala chitapita. Iwe maso uli nawo, zochita ulibe."

Kukana ndikanakana, koma zoti zochita ndinalibe zinali zoona.

Lolemba m'mawa tinakwera minibasi. Chipinda chapansicho amachiyang'anira mayi wina wamfupi, wonenepa, amene aliyense amangowaitana kuti Amayi a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene umalira m'chiuno mwawo. Atawaona malume anakuwa.

"A Theka! Mwabwera athunthu, kapena theka lina latsala kunyumba likuchapa?"

"Latsala likukudikirani inu, mayi."

"Asa! Mdala wopanda manyazi. Nanga uyu ndi ndani wavala jekete dzuwa lonseli?"

"Mphwanga. Kwawo n'kozizira."

Tinatsika masitepe khumi ndi anayi. M'katimo munkanunkha mankhwala a njenjete ndi simenti yonyowa. Babu linali limodzi. Pamwamba pa khoma panali kazenera kolingana ndi msewu, moti tinkangoona mapazi a anthu odutsa, nsapato zopanda eni ake. M'mashelefu munali mabotolo a njoka zonyikidwa m'madzi achikasu, ndi mbalame zouma zimene maso ake anagwa kalekale. Amuna awiri anali atayamba kale kukhoma mabokosi kumapeto kwa chipinda, gogogo, gogogo.

Amayi a Makiyi ndi ine tinanyamula bokosi lija n'kuliika patebulo pansi pa kazenera. Chigazacho chinali chachitali kuposa mkono wanga, chachikasu ngati dzino la munthu wosuta. Mano ake anali ofanana onse, osongoka ngati zikhomo, opanda otafunira. Pachipumi panali polowa ngati mbale. Ndipo kukhota kuja sikunali kobisika. Ukayang'ana pamwamba, chigaza chonse chinkaoneka ngati wina anachigwira chili chofewa n'kuchipotokola pang'ono.

Malume anachisisita ndi manja onse awiri, kuyambira kumlomo mpaka kunkhongo, nthawi yaitali. Kenako ndinawamva akunena chapansipansi, osati kwa ine.

"Pepani. Ndachedwa."

Kuti ndisinthe nkhani ndinawafunsa za polowa paja.

"Pamakhala mafuta apa," anatero, akuika chibakera chawo pamenepo. "Mawu namgumiyu amawapangira m'njira ya mphunomu, tiphokoso ta thethethe, ndiye mafutawa amawasonkhanitsa n'kuwaponya kutsogolo. Akagunda nsomba amabwerera, n'kulowera m'chibwano cham'munsichi mpaka kukhutu. Kumene amasaka n'kwamdima, ndiye amaona ndi makutu. Ine ndimamuchitira nsanje masiku ano. Odziwa amati kukhotaku mwina n'kogwirizana ndi zimenezi. Ndiye taganiza, powongola paja ndinamuchotsera chiyani?"

Tinayamba ntchito. Tinakunga ulusi wakuda pamwamba pa chigaza, kuchokera kunsonga kwa mlomo mpaka kumbuyo. Ine ndinkatenga kampasi ya masamu, kuyeza kuchokera pa ulusi kufika m'mphepete mwa fupa, kumanzere kenako kumanja, n'kuika pa lula, n'kutchula nambala. Pa pepala ndinkalozanso malo ake ndi nsonga ya kampasi, iwo n'kudontheza kadontho ka pensulo. Pepala lake linali lochindikala, losapindika. Anachita kulisankha dala.

Masiku awiri anatha tikungodontheza. Ine ndinkatopa, ndinkangoyang'ana foni, ndinkawauza kuti pali makina amene angazungulire chigazachi kamodzi n'kutulutsa zonse.

"Makinawo ndi amene analakwitsa?" anandifunsa.

"Ayi."

"Ndiye tchula nambala."

Lachitatu anayamba kulumikiza timadontho tija, ndipo vuto linayambira pamenepo. M'mphepete mwa mlomo munayenda bwino, ngakhale mzere unali wonjenjemera. Koma atafika pakati, pamene fupa la kumanja limakankhira mphuno kumanzere, pensulo inasiya timadontho n'kuyenda yokha molunjika.

"Malume, mwaphonya. Kadontho kali apa."

Anafufuta n'kuyambanso. Pensulo inadutsa pomwe paja. Anafufutanso. Kachitatu anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere ngati akutsogolera mwana, koma mzere unatulukabe wowongoka, woyera bwino, wosanjenjemera n'komwe. Malo okhawo m'pamene dzanja lawo silinanjenjemere. Kachisanu chofufutira chinaboola pepala.

"Dzanja ili lili ndi mwini wake wina," anatero. Anatola chipewa n'kukwera masitepe osatsanzika.

Nditafika kunyumba ndinapeza mayi akusita. Ndinawauza kuti malume akudzizunza ndi nkhani yaing'ono, ndipo ine sindikubwererako. Mayi anaimika simbi.

"Chithunzi cha azakhali ako chili pamwamba pa chitseko cha kuchipinda kwawo, unachiona?"

"Ndinachiona."

"Nkhope ili pamenepoyo si ya mlamu wanga."

Anandiuza kuti akazi a malume atamwalira panapezeka chithunzi chawo chimodzi chokha, cha pa ukwati wa munthu wina. Anali ataima mzere wakumbuyo, theka la nkhope litabisika ndi chipewa cha bambo wina amene anali kutsogolo. Malume anatenga theka looneka lija n'kulijambula pa pepala lopyapyala. Zotsala ndinazidziwa ndisanauzidwe.

"Tsiku limene anachipachika tinangoyang'anana. Wokongola inde, koma mlendo. Mlamu wanga akamaseka kamwa inkakwera mbali imodzi, ndipo diso lina linali locheperapo."

"Mbali iti?"

Mayi anagwira tsaya lawo lamanja, kenako lamanzere, kenako anatsitsa dzanja.

"Ndinayiwala. Iwonso anayiwala, anachita kudzandifunsa chaka chatha. Chithunzi cha ukwati chija chinapita ndi eni ake atasamuka." Anatenganso simbi. "Fupa lija lilipo, angathe kubwererako. Kwa mlamu wanga kulibe kobwerera. Ndiye mawa udzuke upite, ndipo za makompyuta akozo uzisiye panjira."

M'mawa mwake ndinapita kukawatenga. Ali kuchipinda akumanga nsapato, ndinayang'anitsitsa chithunzi chija. Mayi wa tsitsi lopesa bwino, nsidze ziwiri zofanana, timakwinya ta m'mbali mwa kamwa tofanana, kadontho kakuda pansi pa diso ili, kadontho kakuda pansi pa diso linalo. Palibe chimene chinalakwika, komabe sindikanafuna kugona m'nyumba imene muli nkhope imeneyo. Malume anatuluka n'kundipeza khosi lili m'mwamba.

"Wauzidwa."

"Eya."

"Ndikalota amabwera ameneyu, osati iyeyo. Amakhala pampando wakowo, osaseka, osakwiya. Ndimamufunsa kuti mayi, ndikuthandizeni chiyani? Zii." Anavala chipewa. "Tiye, tachedwa."

Lachinayi ndi Lachisanu zinapita ndi kudonthezanso timadontho pa pepala latsopano. Okhoma mabokosi aja anali atamaliza mashelefu a kumapeto, atafika pa njoka. Lolemba malume anagwira pensulo n'kungokhala, osayerekeza kuigunditsa pa pepala. Amayi a Makiyi anali atabwera ndi mpando wawo kudzaonerera.

"Kodi a Theka, dzanja lanulo limadziwa bwanji kuti lafika pakati?"

"Limaona."

"Ndiye libiseni. Mwana wokana mankhwala sumuonetsa botolo."

Anang'amba chikuto cha fayilo yakale, n'kuboola pakati kabowo kokwana zala ziwiri, n'kuvindikira pepala lija. M'kabowomo munkangooneka timadontho tiwiri, nthawi zina titatu.

"Lumikizani itito basi. Si namgumi, si mphuno, si chilichonse. Wajekete, iwe uzisuntha."

Umu ndi momwe chigazacho chinajambulidwira. Ine ndinkasuntha chikuto, kudumphadumpha dala, pano kumlomo, pano kunkhongo, pano pakati, kuti asadziwe pamene ali. Iwo ankaweramira mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza pepala, n'kukoka kamzere kosapitirira chikhadabo. Nthawi zina ankaima.

"Apa ndikupadziwa apa."

"Simukupadziwa. Ndi kumchira."

"Chigaza chili ndi mchira? Kunja kuja anakuphunzitsa zimenezo?"

"Lumikizani, malume."

Pensulo inatenga masiku awiri, inki masiku awiri ndi theka. Inki ndiye inali yoopsa, chifukwa siifufutika ndipo dzanja likanjenjemera imadontha. Ankapuma mozama, kugwira mpweya, kukoka mzere, kenako kupuma. Thukuta linkayenderera m'khosi. Ine foni ndinali nditaisiya m'thumba, sindikudziwa kuti kuyambira liti. Phokoso la hamala linkayandikira tsiku ndi tsiku. Lachinayi masana mbalame zopanda maso zija zinalowa m'mabokosi, ndipo shelefu yathu inatsala yokha. Mmodzi wa okhomawo ankabwera kudzaima kumbuyo kwathu misomali ili kukamwa.

"Madala, mawa twelofu koloko lole ikhala panja."

"Ndamva, mwanawe."

Lachisanu, lole ikulira kale pamsewu ndipo tayala lake litatseka theka la kazenera, malume anakoka kamzere komaliza pa dzino lakumbuyo. Ndinadikira kuti inki iume, n'kuchotsa chikuto chija.

Anayang'ana pafupi, koma pafupi ankangoona chidutswa. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, koma patali zonse zinali utsi. Anayesa kuchotsa magalasi, kuvalanso. Ntchito yawo yomwe, sankatha kuiona yonse.

"Chakhota?" anafunsa.

Amayi a Makiyi anapendeketsa mutu. "Chakhota, a Theka. Choipa kwabasi. Mizere ngati payenda nyerere yoledzera."

"Mbali iti?"

"Kumanzere."

"Mphwanga, sakundinamiza?"

Ndinayang'ana pepala, n'kuyang'ana chigaza, n'kuyang'ananso pepala. Chinali chomwecho. Chosakongola ngati cha pa tchati chija, koma ukachiona unkadziwa kuti chinalipo chamoyo chimene chinanyamula mutu umenewu.

"Sakunama, malume. Ndi iyeyo."

Anakhala pa bokosi lina n'kuyamba kupukuta magalasi ndi nsonga ya malaya. Anawapukuta mpaka amuna aja atabweza chigaza m'bokosi mwake, atakhoma misomali isanu ndi itatu, atakwera nacho masitepe.

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Koma Lolemba anandituma kokopera mapepala, kuti ndikachepetse chojambulacho chilingane ndi cha pakona pa tchati, ndipo ndikope makope makumi asanu. Anagula botolo la guluu ndi kaburashi. Kuyambira pamenepo, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse amavala tayi, n'kukwera minibasi kupita ku sukulu imodzi ya pa mndandanda umene tinalemba. Amapempha kuonana ndi ahedi, amafotokoza kuti iwo ndi amene analakwitsa, n'kupempha kuti amate chatsopano pamwamba pa chakale. Ena amawalandira ndi mpando, ena amawayesa odwala mutu. M'sukulu zambiri tchaticho chinatha kalekale. Kwina anachipeza atatsekera pa zenera losweka, chozondoka, ndipo anamata momwemo chozondoka. Ine ndimawaperekeza, chifukwa manambala a minibasi ndi zikwangwani sakuziwerenganso.

Sukulu ya khumi ndi chisanu ndi chimodzi inali kumapeto kwa msewu, kumene minibasi imatembenukira. Ahedi anatitumiza kwa mphunzitsi wa sayansi, mayi wamtali wosapitirira zaka makumi anayi, amene tinamupeza ali m'kalasi. Malume atangotchula za tchati cha anamgumi, mayiyo anaomba m'manja.

"Ndinu munajambula chija? Ana inu, imirirani! Agogo awa ndi amene anandichititsa kukonda sayansi." Ana anaimirira, mabenchi kukwekwereza. "Tchaticho chiswe chinadya, agogo, koma musadandaule. Ndili nacho m'mutu. Chaka chilichonse ndimawajambulira. Taonani."

Anatenga choko n'kuyamba. Anali waluso, wachangu. Mlomo wautali, mano m'mbali, polowa pa chipumi, mabowo a mphuno pakati penipeni. Mbali iyi ndi mbali iyo ngati mapasa. Mphindi ziwiri zisanathe chigaza cha malume chakale chija chinali pabolodi, chachikulu kuposa munthu, choyera mbee, choti ngakhale maso a ng'ala sakanachiphonya.

Malume anaima chilili, envelopu ya makope ili kukhwapa.

"Mwaphunzitsa zaka zingati, aphunzitsi?"

"Khumi ndi zitatu."

"Ana amakhala angati pachaka?"

"Makalasi awiri. Mwina zana limodzi ndi makumi asanu."

"Ndibwerekeni choko."

Anayandikira bolodi mpaka chipewa kugunda. Ine ndinawagwira chigongono n'kuika dzanja lawo pa mphuno ija. Anafufuta ndi chala chachikulu, n'kukoka mzere watsopano wokhotera kumanzere, n'kukulitsa fupa la kumanja. Choko chinalira tswii, n'kuthyoka. Ana anaseka. Wina kumbuyo anati agogo awononga.

"Sindinawononge lero," anatero malume atatembenukira kalasi. "Ndinawononga kale, amayi anu ali pabenchipo. Chimakhala chonchi. Koperani chokhota chomwechi, ndipo aliyense wogwira lula ndimuona."

Sakanamuona, koma ana anaika malula pansi. Mphunzitsi uja anatenga kope limodzi m'envelopu n'kuliyang'ana nthawi yaitali, kuliyerekeza ndi bolodi. Pomaliza anati, "Ndiye onse aja ndinawalembera kuti akhoza..." n'kusiyira pomwepo.

Anatiperekeza mpaka pakhonde. Ine ndinali nditayamba kale kutsanzika pamene malume anamugwira mkono.

"Aphunzitsi, anzanu amene munaphunzira nawo m'kalasi muja, alipo ena amene akuphunzitsa?"

"Alipo ndithu."

"Nawonso ali nacho m'mutu?"

Mayiyo anagwedeza mutu kuvomera. Kenako anayamba kutchula, mmodzimmodzi, ndi sukulu zimene ali. Ndinalemba kumbuyo kwa envelopu. Anakwana asanu ndi awiri, ndipo anati awiri ena awakumbukira akafunsa. Palibe ndi sukulu imodzi yomwe imene inali pa mndandanda wathu wakale.

"Yapafupi ndi iti?" malume anandifunsa tikutsika masitepe.

"Palibe yapafupi. Yocheperako ndi minibasi ziwiri."

"Ndiye Lachinayi ulawire."